Magetsi akathima makina ali pa ntchito, dzanja lipite pati? Zokambirana za anthu a m'malabu ku Zomba

Woyang'anira gulu, Kalimbuka:
Moni nonse. Nthawi yolandira ophunzira odzazolowera ntchito m'malabu athu yayandikanso, ena ochokera ku University of Malawi, ena ku Malawi College of Health Sciences. Ndikupempha tithandizane kulemba mapepala oti timate pakhoma pafupi ndi makina aliwonse. Zija zakuti valani magolovesi, musadyere mu labu, amabwera akuzidziwa kale. Chimene chimasowa ndi ndondomeko yeniyeni: poyatsa uyamba chiyani, pozimitsa umaliza chiyani, komanso magetsi akathima makina ali mkati mwa ntchito, dzanja lipite pati koyamba. Aliyense alankhule za makina amene amawadziwa bwino.

Bambo wa kemisitiri, Mulunguzi:
Zikomo akuluakulu. Ndiyambe ndi AAS ya lawi (atomic absorption spectrometer, makina oyezera zitsulo mu sampulo), popeza ndi makina amene timayatsira dala acetylene m'chipinda chotseka. Lawi la mpweya ndi acetylene limafika madigiri pafupifupi 2,300, la nitrous oxide ndi acetylene limayandikira 2,900. Kupsa chala n'kochepa, choopsa kwenikweni ndi flashback, lawi kubwerera m'kati mwa spray chamber (kabokosi kosakanizira sampulo ndi gasi) n'kuiphulitsa.

Choyamba kuyatsa ndi fani yokoka utsi. Ikani kachidutswa ka tishu pakamwa pa hood muone ngati kakukokedwa, chifukwa lamba akhoza kuduka mota ikulirabe bwinobwino. Kenako suzumirani drain trap ili pansi pa spray chamber, ikhale yodzaza madzi. Madzi amenewo ndi amene amatseka njira kuti gasi asathawire kupaipi yotayira. Makina akakhala milungu ingapo osagwira ntchito, makamaka kukatentha mu Okutobala, trap imauma. Gasi amatulukira pansi, liwiro lake pa burner limachepa, lawi n'kutsikira m'kati. Onaninso kamng'alu ka burner: mchere wa masampulo ukaunjikana pamenepo lawi limaoneka loduka pakati, ndipo pamafunika kuzimitsa, kudikira izizire, n'kuitsuka. Osapala ndi lumo, mukulitsa mng'aluwo.

Zonsezi zikakhala bwino tsegulani mpweya wa kompresa, acetylene pambuyo, kenako yatsani. Pozimitsa mubwerere chimodzimodzi: makina ayamwe madzi a distilled kwa mphindi zisanu, tsekani acetylene mpweya ukuyendabe mpaka lawi lizime, tsekani silinda, tulutsani gasi wotsala m'mapaipi mpaka mageji onse awiri agone pa ziro. Mpweya ndiye woyamba kulowa ndi womaliza kutuluka. Amene akugwiritsa nitrous oxide ayatse kaye ndi mpweya wamba n'kusinthira lawi lili kale moyaka, ndipo burner ikhale ya mng'alu wa masentimita 5, osati ya 10.

Wophunzira, Chikanda:
Abambo, pepani ndifunse. Makina atsopano si amachita okha zonsezi? Trap ikauma kapena burner ikakhala yolakwika amakana kuyaka.

Bambo wa kemisitiri, Mulunguzi:
Amakanadi mwana wanga, ndipo akakana ndiye kuti akukuteteza. Vuto limayamba ntchito ikachuluka, mwini masampulo ali pakhomo akudikira, wina n'kumanga float switch ya mu trap ndi tepi kapena kulumikiza mawaya a interlock (chitetezo chokaniza makina kuyaka pakalakwika kanthu) kuti makina asiye kudandaula. Tepiyo imaiwalika momwemo, wobwera mawa sadziwa kuti chitetezo chinachotsedwa. Ine ndikuti pa pepala lililonse mzere woyamba ukhale wakuti: interlock ikakana, ntchito yaima mpaka chifukwa chake chipezeke. Wopezeka atalumpha interlock asagwirenso makinawo mpaka ataphunzitsidwanso, kaya ndi wamkulu bwanji.

Mayi wosamala sitolo ya mankhwala, Sadzi:
Ndiwonjezere za silindayo, chifukwa ngozi zambiri zimayambira kunja kwa makina. Acetylene sakhala yekha m'silinda, amasungunulidwa mu acetone imene yanyowetsa zinthu za timabowo zodzaza m'katimo. Silinda ikabwera kuchokera ku Blantyre itagonekedwa pa pikapu, acetone imasunthira ku vavu. Iimikeni chilili, muimange ndi tcheni kukhoma, igone choncho usiku wonse musanaitsegule. Musaigwiritsenso ntchito mpaka kutheratu. Geji ikatsika kufika cha m'ma 600 mpaka 700 kPa, malinga ndi buku la makina anu, sinthani, apo ayi acetone ilowa m'mapaipi, idya ma O-ring ndi timavavu ta m'kati, ndipo lawi limayamba kuthetheka.

Geji yachiwiri, yopita ku makina, isadutse 103 kPa, amene ndi 15 psi. Kupitirira apo acetylene akhoza kudziphulikira yekha popanda mpweya. Mapaipi asakhale a kopa, ngakhale brass yokhala ndi kopa woposa 65 peresenti, chifukwa zimapanga copper acetylide imene imaphulika ikangogundidwa itauma. Izi ndikunena chifukwa amisiri a mafiriji ali ndi paipi ya kopa yokongola ndipo amaipereka mwaufulu wake. Ikani ya stainless steel. Mazinga a regulator ya acetylene amamangira kumanzere, nati yake imakhala ndi timizere tocheka, ndiye ikakana kulowa musaikakamize ndi sipanala, mwatenga ya gasi wina. Pofufuza pochucha pakani madzi a sopo muone thovu. Girisi ndi mafuta zisayandikire regulator ya oxygen kapena ya nitrous oxide.

Woyang'anira gulu, Kalimbuka:
Zamveka amayi. Nanga abambo a ku Mulunguzi, lawi likuyaka magetsi n'kuthima?

Bambo wa kemisitiri, Mulunguzi:
Makina ambiri ali ndi solenoid imene imatseka gasi yokha magetsi akachoka, koma musaidalire. Fani yaima, kompresa yaima, ndiye gasi aliyense wochucha akungokhala m'chipindamo, ndipo acetylene amayaka akangofika 2.5 peresenti ya mpweya. Dzanja lipite ku vavu ya silinda, osati ku kompyuta kukasunga zotsatira. N'chifukwa chake kiyi wotsegulira asachoke pa silinda nthawi yonse ya ntchito, ndipo vavu isatsegulidwe mopitirira kuzungulira kumodzi ndi theka. Mukatseka, tsegulani mawindo, zimitsani switch ya makina. Fungo longa la adyo likamveka musakhudze switch iliyonse m'chipindamo, tulukani.

Mmisiri wa magetsi, Chinamwali:
Apa ndilowererepo. Anthu amaopa kuthima kwa magetsi, koma makina ambiri amafa pobwerera. Jenereta ikangoliza, masekondi oyamba voteji ndi ma hertz sizinakhazikike, ndipo a ESCOM akabwezeretsa nthawi zina amayaka n'kuthimanso kawiri katatu. Magetsi athu ndi 230 V pa 50 Hz, ma board a m'makinawa sapirira kusewera kumeneko. Ndiye akathima zimitsani chilichonse pa switch yake ndi pakhoma, akabwera dikirani mphindi zisanu kapena khumi, muziyatsa chimodzichimodzi kuyambira fani. Hotplate, oven ndi heating mantle zoiwalika zili ON ndi zimene zimayatsa malabu usiku: munthu waweruka kuli mdima akuganiza kuti zonse n'zozima, magetsi n'kubwera 10 koloko kulibe aliyense.

UPS (bokosi la mabatire losunga magetsi) ikhale ya mtundu wa online kwa ma analyser, GeneXpert (makina oyezera TB ndi matenda ena), spectrophotometer ndi makompyuta ake. Ntchito yake ndi kukupatsani nthawi yomaliza zimene zili m'kati n'kuzimitsa mwadongosolo. Musalumikizepo autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi), oven kapena ketulo. Mabatire ake ayesedwe ndithu pochotsa pulagi makina ali osagwira sampulo, chifukwa UPS ya mabatire akufa imaoneka yamoyo mpaka tsiku lovuta.

China ndi earth. Makina ena amabwera ndi pulagi ya mano awiri ozungulira, anthu n'kumatokosa soketi ndi cholembera kuti ilowe. Pamenepo thupi la makina lilibe earth, waya ukakhudza chitsulo amene akhale njira ndi inu, mutaima pansi ponyowa. Dulani pulagiyo muike ya mano atatu yokhala ndi fyuzi yoyenera, osati waya wokulunga. Masoketi a pafupi ndi sinki akhale pa RCD (switch yodula magetsi akayamba kuthawira pansi) ya 30 mA, ndipo batani lake la test lidinidwe mwezi ndi mwezi. Makina olembedwa 110 V asayandikire khoma popanda transformer. Kuno kunsi kwa phiri nthawi ya dzinja ziphaliwali sizisowa, choncho surge protector ikhale pa board yaikulu, ka extension ka mumsika sikathandiza.

Mayi wa labu ya zachipatala, Matawale:
Achimwene a ku Chinamwali anena zoona za UPS. Ine nditenge centrifuge, makina ozunguza machubu, chifukwa ophunzira amaiona ngati yosavuta. Kulinganiza machubu n'kwa kulemera, osati kwa maso. Chubu chilichonse chikhale ndi chinzake moyang'anizana, cha mtundu umodzi, ndipo chikasowa dzazani china madzi muyeze pa sikelo. Mabaketi onse akhale m'malo mwake ngakhale opanda kanthu. Onani ngati timphira ta pansi pa baketi tilimo, kakasowa kamodzi chubu cha galasi chimasweka. Musachokepo mpaka makina afike pa liwiro lake. Akayamba kunjenjemera kapena kulira mwachilendo, zimitsani pomwepo.

Magetsi akathima ikuzungulira, chivindikiro chimakhala chokhoma, ndipo rotor, gawo lonyamula machubu, imapitiriza kuzungulira kwa mphindi zingapo chifukwa buleki ndi yamagetsi. Pali kabowo kapena kachingwe kotsegulira mwadzidzidzi. Musakagwiritse ntchito mpaka mutatsimikiza kuti m'kati mwaima zii, ndipo pulagi ikhale itachotsedwa. Kuimitsa rotor ndi dzanja kapena cholembera n'koletsedwa.

Mukamva kuti chubu chasweka, musatsegule. Zimitsani, siyani chotseka mphindi 30 kuti timadontho touluka tikhazikike. Mukazindikira mutatsegula kale, tsekaninso muwerenge mphindi 30 zomwezo. Magalasi atoledwe ndi forceps, mutavala magolovesi olimba. Pa microhaematocrit, centrifuge ya timachubu topyapyala ta magazi (ma capillary), imene imathamanga cha m'ma 12,000 rpm, mbali yomata ya capillary iloze kunja pa mphira, ndipo chivindikiro cha m'kati chimangidwe. Chikaiwalika, ma capillary onse amasanduka fumbi la galasi losakanikirana ndi magazi.

Wophunzira, Chikanda:
Amayi, nanga SOP (ndondomeko yolembedwa ya ntchito) ikati 1,500 g koma makina akuonetsa rpm yokha?

Mayi wa labu ya zachipatala, Matawale:
Yeza kuchokera pakati pa rotor mpaka pansi pa chubu m'masentimita. RCF, imene ndi g ija, ndi 0.00001118 kuchulukitsa ndi utali umenewo, kuchulukitsa ndi rpm, n'kuchulukitsanso ndi rpm yomweyo. Rotor ya masentimita 15 pa 3,000 rpm ikupatsa pafupifupi 1,500 g. Samala apa: ukawirikiza rpm kawiri mphamvu imakwera kanayi, ndiye "ndingowonjezera pang'ono kuti zifulumire" ndi imene imaswa machubu. Liwiro lolembedwa pa rotor ndiye malire, osati la pa makina.

Tekinishani wa microbiology, Ndola:
Achemwali, pa zotsuka centrifuge tisaiwale kuti jiki imadya aluminium. Rotor ndi mabaketi zikamatsukidwa ndi klorini tsiku ndi tsiku zimachita timaenje, ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Mukakakamizika kuigwiritsa ntchito chifukwa cha magazi, tsukuluzani ndi madzi ambiri, pukutani, muumike chozondotsa.

Kasungunulidwe kalembedwenso pakhoma, chifukwa ambiri amangothira mwa diso. Jiki ya 3.5 peresenti, kuti ikhale 0.5 peresenti yothira pamene patayika magazi, ndi gawo limodzi pa magawo 6 a madzi. Ya 0.1 peresenti yopukutira mabenchi ndi limodzi pa 34. HTH (klorini wa ufa) ya 70 peresenti ndi magalamu 7 pa lita kuti mupeze 0.5. Werengani botolo kaye, mphamvu zimasiyana. Isungunulidwe m'mawa uliwonse, yadzulo yafooka.

Mayi wa labu ya zachipatala, Matawale:
Ndipo pali malo amene jikiyo isafike n'komwe. Ma lysis buffer (mankhwala oswa maselo) ambiri a PCR ndi makatiriji a viral load ali ndi guanidinium thiocyanate. Ikakumana ndi jiki imatulutsa mpweya wa poizoni wokhala ndi cyanide. Chizolowezi chathu chothira jiki m'chigubu chilichonse cha zinyalala n'choopsa pamenepa. Zigubu zimenezi zilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo pakatayika buffer yambani ndi madzi ndi sopo. Ma reagent ena a ma analyser ali ndi sodium azide, imene m'mapaipi a kopa kapena mtovu imapanga zophulika, choncho werengani SDS (pepala la chitetezo la mankhwalawo) musanatayire mu sinki. Jiki isakumanenso ndi asidi, imatulutsa gasi wa klorini.

Pa GeneXpert ya TB, nthawi yoopsa ndi yotsegula kabotolo ka makhololo. Sample reagent magawo awiri pa gawo limodzi la makhololo, tsekani zolimba, khutchumulani, zikhale mphindi 15 zonse mutakhutchumulanso pakati, kenako mamililita 2 m'katiriji. Mphindi 15 zimenezo ndi zimene zimafooketsa tizilombo, wozidula akudziika yekha pa ngozi. Reagent yake ili ndi sodium hydroxide, ikagwera m'maso imaotcha. Chipinda chisapitirire madigiri 30, apo ayi ma module amayamba kubweza ma error.

Tekinishani wa microbiology, Ndola:
Autoclave tsopano. Onse analoweza madigiri 121, 15 psi, mphindi 15, koma nthawi imayamba kuwerengedwa kutentha kukafika, osati poyatsa, ndipo thumba la zinyalala lodzaza limafuna mphindi 30 kapena kuposerapo. Mpweya wonse utuluke kaye musanatseke vavu, chifukwa mpweya wotsala umakweza geji koma kutentha kuli kotsika. Mabotolo asadzaze kupitirira magawo awiri mwa atatu, zivindikiro zikhale zomasula. Matumba asamangidwe ndi mfundo, nthunzi ilowe. Potsegula geji ikhale pa ziro ndipo ngati muli zamadzimadzi kutentha kutsike pansi pa madigiri 80, apo ayi agar imafufuma n'kukukhuthukirani m'manja. Imani kumbuyo kwa chitseko, tsegulani pang'ono nthunzi ithawe. Magetsi akathima pakati, katunduyo sanaphikike, muyambirenso kuwerenga.

Mphunzitsi wa physics, Domasi:
Achimwene a ku Ndola, pa 15 psi pamenepo pali kanthu kokhudza ife a ku Zomba. Geji imayeza puresha yoposa ya mpweya wa kunja. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya wa kunja ndi 101 kPa, kuphatikiza 103 ya geji, nthunzi imafika 121. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita opitirira 900, mpweya wa kunja uli cha m'ma 90 kPa, madzi amawira pafupi ndi 97. Ndiye ma autoclave aja okhala ngati mphika, oyendera kulemera kwa vavu, akaloza 15 psi kuno m'kati muli pafupifupi 119. Pamwamba pa phiri zimatsikanso.

Tekinishani wa microbiology, Ndola:
Aphunzitsi, madigiri awiri ndi nkhani?

Mphunzitsi wa physics, Domasi:
Kwa ma spore, tizilombo tovuta kwambiri kupha, ndi nkhani, chifukwa kufa kwake kumachedwa kwambiri kutentha kukatsika pang'ono. Makina oyendera sensa ya kutentha amadzikonza okha. Kwa oyendera geji, wonjezerani nthawi ndipo mutsimikize ndi thermometer yosunga kutentha kwapamwamba yoikidwa pakati pa katundu. Chimene sindingavomereze ndi kusanjikiza zolemera pa vavu kuti puresha ikwere.

Tekinishani wa microbiology, Ndola:
Pamenepo tagwirizana. Nayonso tepi yosintha mtundu imangonena kuti katundu anakumana ndi kutentha, siinena kuti tizilombo tafa. Umboni weniweni ndi kachubu koyesera kokhala ndi ma spore a Geobacillus stearothermophilus. Jiki isalowe mu autoclave, imawononga chitsulo ndipo utsi wake umapweteka.

Bambo wa labu ya dothi, Thondwe:
Ife a dothi ndi mbewu ngozi yathu imachitika sampulo isanafike pa makina, pa digestion, kusungunula sampulo ndi asidi. Asidi amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi. Kjeldahl, njira yoyezera nitrogen, imagwiritsa sulphuric acid wowira pa madigiri cha m'ma 400, ndiye chubu chizizire kaye musanathire madzi, ndipo sodium hydroxide wa 40 peresenti alowe chubu chitalumikizidwa kale pa distillation unit, chitseko chake chotseka. Chubu cha kamng'alu kakang'ono chitayidwe, chiunikeni pa kuwala musanachigwiritse ntchito.

Aqua regia, magawo atatu a hydrochloric pa limodzi la nitric, imapangidwa yokwanira tsikulo ndipo siitsekedwa m'botolo chifukwa imatulutsa gasi mosalekeza. Chigubu cha zinyalala za nitric chikhale chakechake. Wina akathiramo acetone kapena ethanol yotsukira magalasi n'kutseka, chimatupa mwakachetechete n'kudzaphulika patapita maola. Perchloric acid asawiritsidwe mu fume hood wamba, mchere wake umaunjikana m'paipi ya utsi. Pa microwave digestion, zinthu monga ufa wa chimanga, mtedza kapena masamba zisapitirire theka la galamu pa vessel, zikhale zotsegula mu hood mphindi 15 zitathiridwa asidi kuti thovu loyamba lithe, ndipo pomaliza zizizire musanamasule, kamwa lake litaloza kutali ndi nkhope.

Magetsi akathima digestion ili mkati, hood yaima koma block idakali yotentha, utsi wofiirira uja wa nitric ukutulukabe. Tsitsani galasi la hood mpaka pansi, zimitsani block, tulukani, tsekani chitseko, lembani chenjezo. Utsi umenewu ndi wachinyengo, munthu amatha kuupuma n'kumamva bwino, mapapo n'kudzadzaza madzi patapita maola. Woupuma apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuti ali bwino.

Mayi wa labu ya madzi, Likangala:
Pa hood ndithirirepo ndemanga abambo. M'malabu ambiri muli mabokosi atatu ofanana maonekedwe, ndipo ophunzira amawasokoneza. Fume hood imakoka utsi wa mankhwala kupita kunja, mpweya pakamwa pake uziyenda pafupifupi theka la mita pa sekondi, galasi lisakwere kuposa chizindikiro, ntchito ichitikire masentimita 15 m'kati. Biosafety cabinet ili ndi fyuluta ya HEPA yogwira tizilombo koma siigwira utsi wa asidi, iyatsidwe mphindi zisanu musanayambe, ndipo Bunsen burner isalowemo chifukwa imasokoneza kayendedwe ka mpweya n'kuotcha fyuluta. Laminar flow bench imateteza sampulo yokha, mpweya wake umaombera pankhope panu, ndiye makhololo kapena culture ya matenda zisafikepo. Lembani dzina ndi ntchito pa bokosi lililonse. Nyale ya UV ya 254 nm izime munthu asanaike manja, imapweteka maso usiku wake.

Katswiri wa miyala, Old Naisi:
Mwachidule za XRF ya m'manja, kachida koyezera zitsulo m'miyala. Ndi X-ray yeniyeni, siioneka, siimveka. Sampulo isagwiridwe m'manja poyeza, isaikidwenso pa ntchafu kapena pa tebulo lopyapyala miyendo ili pansi. Timiyala ting'onoting'ono ndi ufa ziyezedwe mu test stand yotseka. Valani dosimeter yanu, kabaji koyeza cheza chimene mwalandira, osabwerekana. Zida zotere zimayang'aniridwa ndi Atomic Energy Regulatory Authority pansi pa lamulo la Atomic Energy Act la 2011. Amene ali ndi GC (gas chromatograph) yokhala ndi detector ya ECD adziwenso kuti muli nickel-63 yotulutsa cheza choopsa, siimasulidwa ndipo siitayidwa ngati chitsulo chakutha. Ogaya miyala avale N95, fumbi la silica silituluka m'mapapo. Hydrofluoric acid asatsegulidwe ngati calcium gluconate gel ya 2.5 peresenti, yopaka asidiyu akagwera pakhungu, palibe pa benchi.

Bambo wa kemisitiri, Mulunguzi:
Poti mwatchula GC. Hydrogen imayaka kuyambira 4 mpaka 75 peresenti, ndipo oven ndi bokosi lotseka lokhala ndi heater. Column, kapaipi ka mu oven kodutsa sampulo, ilumikizidwe mbali zonse, kapena pa detector patsekedwe, musanatsegule hydrogen. Magetsi akathima tsekani hydrogen pa silinda, koma carrier ya helium kapena nitrogen ipitirire kuyenda mpaka oven izizire, apo ayi column yotentha imawonongeka ndi mpweya. Akabwera tsegulani chitseko cha oven kanthawi musanayatse. Injector imakhala pa madigiri 250 ndipo siioneka kuti yatentha. Pa HPLC, chromatograph yoyendera zamadzimadzi, dikirani puresha itsike pa ziro musanamasule fitting, chifukwa imafika mabar mazana angapo ndipo methanol kapena acetonitrile imathamangira m'maso. Oyeza chuku mu mtedza ndi chimanga akumbukire kuti aflatoxin standard imayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo magalasi ake anyikidwe mu jiki asanatsukidwe.

Mayi wosamala sitolo ya mankhwala, Sadzi:
Sindikugwirizana ndi chinthu chimodzi, akuluakulu. Tikulemba zonsezi kwa ophunzira, koma amene amalowa yekha m'mawa kwambiri ndi wokolopa, ndipo amene amakhala usiku ndi alonda. Iwowa ndi amene amanyamula zigubu, amazimitsa kapena kuyatsa masoketi, amamva fungo koyamba. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limateteza wantchito aliyense. Mapepalawa alembedwe m'Chichewa, pakhale nambala ya foni ya woyang'anira, ndipo alonda aonetsedwe pamene pali masilinda ndi switch yaikulu. Aonetsedwenso zozimira moto: ya CO2 ya chizindikiro chakuda ndi ya makina amagetsi, ya ufa ya buluu imazima koma imawononga ma board, madzi ayi. Silinda ya acetylene ikatenthedwa ndi moto palibe woyandikira, ngakhale moto utazima, chifukwa imatha kupitiriza kutentha m'kati. Anthu atalikire, ozimitsa moto auzidwe kuti muli acetylene.

Mayi wa labu ya zachipatala, Matawale:
Ndithu amayi. Probe ya analyser nayo imabaya ngati singano, ndiye makina aimitsidwe musanalowetse dzanja. Wobayidwa asambe ndi madzi ndi sopo, osafinya, anene nthawi yomweyo. PEP, mankhwala oteteza ku HIV, iyambike m'maola oyambirira, isapitirire maola 72, ndipo imamwedwa masiku 28. Katemera wa hepatitis B, majakisoni onse atatu, alandire ophunzira ndi okolopa omwe asanayambe kugwira magazi.

Wophunzira, Chikanda:
Funso lomaliza kwa ine. Mabuku amati asidi akagwera m'maso tsukani mphindi 15. Nanga tsiku limene pampopi sipakutuluka madzi?

Mayi wa labu ya madzi, Likangala:
Wafunsa bwino. Eyewash yovomerezeka imatulutsa malita osachepera 1.5 pa mphindi, kwa mphindi 15 ndi malita pafupifupi 23. Timabotolo ta mamililita 500 topachika pakhoma timangothandiza poyambira. Labu iliyonse ikhale ndi zigubu ziwiri za malita 20 zokhala ndi kampopi, madzi oyera osinthidwa sabata ndi sabata, tsiku litalembedwa, pamalo oti munthu wosaona afikepo m'masekondi khumi osapunthwa. Mnzake amutsegule zikope, madzi ayende kuchokera kumphuno kupita kunja kuti asalowe diso linalo, ma contact lens achotsedwe. Sodium hydroxide ndi woipa kuposa asidi ambiri chifukwa amapitiriza kulowa m'kati, ndiye kutsuka kupitirire mpaka panjira yopita kuchipatala, SDS ili m'manja. Musayese kuthira viniga kapena soda m'diso. Mpopi ukauma ndipo zigubu zilibe madzi, digestion ya tsiku limenelo isachitike.

Woyang'anira gulu, Kalimbuka:
Abambo a ku Mulunguzi alembe pepala la AAS ndi GC, amayi a ku Matawale la centrifuge ndi GeneXpert, achimwene a ku Ndola ndi aphunzitsi la autoclave, abambo a ku Thondwe la digestion. Lililonse likhale tsamba limodzi, gawo la magetsi akathima likhale pamwamba m'zilembo zikuluzikulu. Achimwene a ku Chinamwali, tithandizeni kalembedwe ka ndondomeko yoyatsira jenereta ikalira. Tumizani pano pofika Lachisanu kuti amayi a ku Sadzi awerenge ngati Chichewa chake alonda ndi okolopa angachimve.